Kalata kwa mwana wanga amene wayamba ntchito ya unamwino

Mwana wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira uli bwino. Kuno tonse tadzuka, ndipo bambo ako akupereka moni.

Uthenga wako wa pa WhatsApp ndaumva. Ukuti a metroni akupatsani masabata awiri okha ozolowera ntchito, kenako uyamba naiti kuwodi ya amayi oyembekezera, ndipo ukusangalala kuti akukhulupirira. Ine mtima wanga sunakhazikike, n'chifukwa chake ndati ndikulembere.

Digiri yako ya ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS ndi laisensi ya ku Nurses and Midwives Council zikuchitira umboni kuti unaphunzira ndipo lamulo likukulola kugwira wodwala. Koma zaka zinayi zonse zija, kumbuyo kwako kunkaima munthu wokuyang'anira ndi kusayinira zimene wachita. Pa naiti wosayina ndiwe, ndipo kiliniko (dokotala wamng'ono) akhoza kukhala ali kuthiyeta ndi mayi wina.

Masabata awiri amakwana kudziwa kumene kumakhala makiyi a kabati ya mankhwala ndi nambala ya dalaivala wa ambulansi. Maso oona kuti mayi uyu akusintha asanakomoke amachedwa kubwera. Patricia Benner, mphunzitsi wa unamwino wa ku America, analemba mu 1984 kuti namwino amatenga zaka ziwiri kapena zitatu pa ntchito imodzimodzi kuti akhazikike. Ku England, ndondomeko ya 2022 ya NHS, bungwe la zipatala za boma kumeneko, imati namwino watsopano akhale ndi womutsogolera miyezi yosachepera 6, ndipo miyezi 12 ndiyo amaiyesa yabwino koposa. A metroni ako sakukuchitira nkhanza ayi. Anamwino kwathu kuno ndi ochepa, rosita ili ndi mipata, ndipo mpata umodzi akuutseka ndi iwe. Tsono masabatawo sungawawonjezere wekha, koma ungasankhe chochita nawo.

Tenga kope, ulembe chilichonse chimene sunachitepo wekha, upite nalo kwa a inichaji. Uwapemphe kuti aime pambali pako ukuchita chimodzichimodzi. Yamba ndi magnesium sulphate, mankhwala oteteza mayi wa BP yokwera kuti asakomoke. Usanabaye mayi wa BP yokwera dozi yotsatira, werenga kupuma kwake kusatsike pa 16 pa mphindi, gogoda bondo uone ngati likudumpha, ndipo mkodzo ufike 30 ml pa ola. Calcium gluconate, mankhwala obweza mphamvu ya magnesium ikapitirira, udziwe pamene ali lero lomwe, umugwire ndi dzanja lako, usadzamufunefune ndi tochi ya foni magetsi atazima. Chimodzimodzi mayi wotaya magazi atabereka: kufuula kuti anzako abwere, kusisita chiberekero, jakisoni wa oxytocin wolimbitsa chiberekero, dripi. Mwana wobadwa osalira ali ndi mphindi imodzi yokha kuti ayambe kupumitsidwa, choncho bag ndi mask zomupumitsira uziziyesa wekha poyamba shifiti iliyonse.

Upemphenso kuti manaiti ako oyamba akuike ndi mzamba wokhalitsa. Ukapempha mwaulemu, ndi kope m'manja, ambiri sakana. Mawu oti "sindinachitepo, ndionetseni" usachite nawo manyazi. Ine pa ntchito yanga yonse namwino amene ndinkamuopa ndi uja wongovomera chilichonse.

Pali china, ndipo ichi undimvetse bwino. Muwodimo mupeza matekinishani, anamwino opanda digiri ophunzira ku Nkhoma, Ekwendeni kapena Mulanje Mission, amene pa pepala ali pansi pako. Ena aberekesa amayi iwe usanayambe sitandade 1. Ukawalowera ndi digiri pamphumi adzangokuyang'ana, koma ukawafunsa adzakuphunzitsa zimene ine sindingathe pa kalata. Agadiyani nawonso uziwamvera. Gogo akabwera kudzati "mwana wangayu akuona chizungulire", dzuka ukamuone nthawi yomweyo, lipoti ulemba ukabwerako.

Rosita ikatuluka unditumizire chithunzi, ndione amene akuika naye. Ufa ndi mtedza ndipereka kwa malume ako Loweruka. Masana a tsiku la naiti uzigona, foni uzizimitsa.

Ndine,
Mayi ako