Lipoti la Msonkhano wa Ojambula Zithunzi za M'mizinda ndi Olemba Mapulani

Wapampando, a komiti ndi mamembala nonse,

Ndikupereka lipoti la msonkhano wa masiku atatu umene munanditumako, womwe unasonkhanitsa ojambula zithunzi, akatswiri olemba mapulani a nyumba ndi ogwira ntchito m'makhonsolo a mizinda. Malisiti onse a ulendo ndi a malo ogona ndinawapereka kale kwa a msungichuma, ndipo aliyense amene anadandaula kuti alawansi inachuluka ali ndi ufulu wokawaona. Ndinakhala nawo pa zokambirana zonse kuyambira potsegulira mpaka potseka.

M'mawa wa tsiku loyamba unathera pa malonje ndi zolankhula za alendo olemekezeka. Masana kunali chionetsero cha makamera atsopano, chomwe kwenikweni chinali chotsatsa malonda.

Phindu lenileni la ulendowu ndinalipeza tsiku lachiwiri, pa phunziro la momwe kamera inasinthira lamulo la zomangamanga mumzinda wa New York. Mu 1961 mzindawo unalola omanga nyumba zazitali kuwonjezera nsanjika ngati asiya bwalo lotseguka kuti anthu onse azigwiritsa ntchito. Mabwalo anachulukadi, koma ambiri ankangokhala osagwiritsidwa ntchito, anthu n'kumangowadutsa. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, William H. Whyte, wofufuza za moyo wa m'mizinda, ndi gulu lake anaika makamera pamalo okwera, oti azijambula okha pafupipafupi tsiku lonse, kenaka n'kumawerenga anthu pazithunzizo: amene akhala pansi, amene aima, nthawi imene afika ndi nthawi imene achoka. Pabwalo la Seagram Building, nyumba imene Mies van der Rohe analemba mapulani ake ndipo inatha kumangidwa mu 1958, anthu ankadzaza pa masitepe ndi pa timakoma tatifupi ta m'mphepete, ngakhale kuti zimenezi sizinaikidwe ngati mipando. Anapeza kuti chodzaza bwalo si kukula kwake kapena kukongola kwa nyumba yoyandikana nayo, koma kuchuluka kwa pokhala. Anaonanso kuti anthu akakumana sapatukira pambali kuti acheze, amaima pakati penipeni pa njira yodutsa anzawo, ndiponso kuti bwalo limene amayi amapezekapo ochuluka nthawi zambiri ndi lokonzedwa bwino, chifukwa iwo amasankha mosamala pokhala. Mu 1975 mzindawo unasintha lamulo lija, n'kulamula kuti pa masikweya fiti 30 alionse a bwalo pazikhala pokhala potalika fiti imodzi.

Ndikutsindika nkhaniyi chifukwa ikukhudza momwe gulu lathu lakhala likugwirira ntchito. Ife timadzuka m'mamawa kukajambula nyumba anthu asanatuluke, kuti chithunzi chikhale choyera, ndipo zithunzi zoterezo ndi zimene timazipatsa mphoto chaka ndi chaka. Chithunzi cha bwalo lopanda munthu chimasangalatsa wolemba mapulani, koma sichiuza khonsolo ngati bwalolo likutumikira anthu kapena ayi. Pa chionetsero chathu cha chaka chatha, komiti yosankha inakana zithunzi za mamembala awiri achinyamata zoonetsa anthu atakhala pa masitepe a nyumba ina chifukwa chosowa benchi, ponena kuti zikunyozetsa mzinda. Ndinatsutsa tsiku lomwelo ndipo sindinayankhidwe. Lero ndikunena poyera kuti zithunzi zimene tinazikanazo ndi zamtundu womwewo umene unasinthitsa lamulo ku New York, ndipo mmodzi wa anyamatawo sanabwerenso ku misonkhano yathu kuyambira pamenepo. Tiyenera kumulembera kalata.

Wokamba wina anapereka chitsanzo cha Copenhagen, kumene msewu wa Strøget unatsekedwa kwa magalimoto mu 1962 eni masitolo akuopa kuti malonda awo agwa. Kuyambira mu 1968 katswiri wolemba mapulani Jan Gehl ndi ophunzira ake anayamba kuwerenga anthu oyenda ndi okhala m'misewu ya pakati pa mzindawo, ndipo chifukwa kuwerengako kunabwerezedwa patapita zaka, khonsolo inali ndi umboni powonjezera malo a oyenda pansi. Ku Times Square nako, mumzinda wa New York, pamene mbali ya msewu wa Broadway inatsekedwa kwa magalimoto mu 2009 mongoyesa, zithunzi zojambulidwa pamalo amodzimodzi, msewu usanatsekedwe ndi utatsekedwa, zinathandiza anthu wamba kudzionera okha kusinthako popanda kuwerenga mapulani. Chofunika pa zitsanzo zonsezi ndi kuimika kamera pamalo omwewo, pa ola lomwelo, mobwerezabwereza. Ntchitoyi siifuna kamera yodula, imafuna choimikira kamera cholimba ndi munthu wosunga nthawi. Pempho logula zoimikira makamera ziwiri lakhala m'maminitsi athu kwa zaka ziwiri tsopano, ndipo nthawi zonse limakankhidwira ku msonkhano wotsatira pamene ndalama zosindikizira makalendala zimavomerezedwa popanda mtsutso.

Gawo la kasungidwe ka zithunzi linandikhudzanso kwambiri. Pamene Haussmann, mkulu wa boma woyang'anira mzindawo, ankagumula madera akale a Paris kuti amange misewu yatsopano, ntchito imene anaitsogolera kuyambira 1853 mpaka 1870, mzindawo unalemba ntchito Charles Marville kuti ajambule misewu yopapatiza isanagwetsedwe. Misewu yambiri imene anajambula kulibenso, ndipo lero imadziwika maonekedwe ake kudzera m'zithunzi zakezo. Ndili kumvetsera ndinakumbukira kuti zithunzi zathu za zaka zoyambirira zili pa kompyuta ya munthu mmodzi amene anachoka m'gulu, zopanda masiku ndi maina a malo, ndipo nyumba zina zimene zili pazithunzizo zinagumulidwa kale. Nkhani yokazitenga inapatsidwa kwa a mlembi, koma sitinamvepo lipoti lililonse.

Tsiku lachitatu m'mawa kunali zamalamulo. Tinamva kuti ufulu wofalitsa chithunzi cha nyumba yooneka poyera umasiyana dziko ndi dziko: ku Belgium, zithunzi za Atomium, chomangidwa chotchuka cha mumzinda wa Brussels, zinali zoletsedwa kufalitsa popanda chilolezo mpaka lamulo linasintha mu 2016. Gawo la kujambula ndi ma drone (tindege touluka popanda munthu mkati) linali lobwereza zimene tikuzidziwa kale.

Potseka, msonkhano unagwirizana mfundo ziwiri. Yoyamba ndi yakuti gulu lililonse lisankhe malo ochepa ochezera anthu ndi kumawajambula mobwereza kwa chaka chathunthu, n'kupereka zithunzizo kwa olemba mapulani a mzinda. Ndinaivomera m'dzina lanu ndi mtima wonse. Yachiwiri ndi yakuti nkhope zonse za anthu zizibisidwa pa zithunzi zoikidwa pa intaneti. Apa sindinaponye voti, chifukwa simunandipatse mphamvu pa nkhani yotere, komanso chifukwa ndikuona kuti mfundoyi yapitirira malire. Pa zithunzi zowerengera anthu, zojambulidwa patali, kubisa nkhope sikuchotsa kanthu, ndipo pa ana kapena munthu wogona pabenchi chifukwa chosowa pokhala ndi koyenera ndithu. Koma chithunzi cha anthu awiri akucheza pabwalo chimanena kuti malowo ndi abwino kudzera pankhope zawo, ndipo njira yaulemu ndi kuwapempha chilolezo, osati kuwafufuta. Ndikudziwa kuti ena mwa inu muona mosiyana, choncho ndikupempha kuti tikambirane tisanatumize yankho lathu.

Ndikupempha a wapampando kuti pa msonkhano ukubwerawu aike pa ndondomeko kusankha malo atatu oti tiyambe kuwajambula, kugula zoimikira makamera zija, ndi tsiku lenileni loti zithunzi zathu zakale zikhale zitabwezedwa m'manja mwa gulu. Ine ndadzipereka kujambula malo amodzi mwa atatuwo m'mawa, masana ndi madzulo, Loweruka loyamba la mwezi uliwonse.

Ndine wanu,
Nthumwi ya gulu