Lipoti la msonkhano wa makopaletivu a achinyamata ku Lilongwe

A Wapampando ndi mamembala nonse,

Munandituma kuti ndikamve momwe anzathu akuthandizira achinyamata osiyira sukulu panjira, atsikana obereka akadali aang'ono komanso anyamata otuluka kundende. Mfundo yaikulu yomwe ndabwera nayo ndi yakuti wachinyamata wotere tikamulandira, asamangokhala wophunzira, azikhalanso ndi gawo lake m'gulu.

Gulu lina lowotcherera zitsulo ndi lomwe linanditsegula maso. Iwo salipiritsa sheya polowa, poti munthu wongotuluka kundende alibe ngakhale ya minibasi. Wachinyamatayo amayamba ndi kupala dzimbiri ndi kudula zitsulo za mawindo, kenako n'kugwira makina. Geti kapena windo ikagulidwa, amamudula pang'ono pa gawo lake kuti ipite ku sheya yake, mlembi n'kulemba m'buku iye ali pomwepo, n'kusaina. Bukulo anabwera nalo, lakuda ndi girizi, munthu aliyense tsamba lake. Sheya ikakwana amavota ngati wina aliyense, pajatu m'kopaletivu voti ndi imodzi pamunthu, kaya uli ndi masheya ochuluka bwanji. Akuti othawa ndi zipangizo anachepa pamene anyamatawo anayamba kuona kuti galayinda ikasowa nawonso aluza. Ife timangophunzitsa n'kutsanzikana, ndiye tikudabwa chiyani anthu akabwerera kukakhala pa depoti?

Za malamulo sindichulutsa. Lamulo la makopaletivu la 1998 limafuna anthu osachepera 10, malamulo oyendetsera gulu, ndi kulembetsa kwa Registrar ku Unduna wa Zamalonda. Popanda satifiketi imeneyo ndife kalabu chabe, ndipo tenda ya madesiki tiziingomvera kwa anzathu.

TEVETA, bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja lomwe linakhazikitsidwa mu 1999, ili ndi njira yoyesa anthu amene anaphunzira luso kwa mmisiri osapita ku koleji, n'kuwapatsa pepala. Atelala ndi akalipentala athu iwayenera imeneyi.

Pa ngongole m'pamene panavuta, mpaka nkhomaliro inazizira. Ena amati tikongole kaye tigule makina. Ine ndinaima ndi amene amati ngongole idikire oda, tiyambe n'kusunga ku SACCO (kopaletivu yosunga ndi kubwereketsa ndalama) ya pansi pa MUSCCO, mgwirizano wa ma SACCO m'Malawi, chifukwa makina ogula pangongole opanda kasitomala amangodya chiwongoladzanja.

Loweruka tigwirizane mtengo wa sheya ndi ndalama yodula pa katundu aliyense. Alembi, chonde mubwere ndi malamulo athu akale aja tiwakonze tisanapite kukalembetsa.