Malo ofufuzira ma chip atsegukire onse

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa za malo amene akatswiri amagwiritsa ntchito mogawana pofufuza ma chip atsopano, tizipangizo ting'onoting'ono tomwe timayendetsa mafoni ndi makompyuta. Makina amodzi a kampani ya ASML ya ku Netherlands, omwe amajambula tinjira ta magetsi pa silicon (chinthu chimene amapangira ma chip) ndi kuwala kwapadera kosaoneka ndi maso kotchedwa EUV, mtengo wake umaposa madola 100 miliyoni, ndipo yunivesite payokha siingakwanitse kuwagula ndi kuwasamalira.

N'chifukwa chake ndimayamikira bungwe la imec, lomwe linakhazikitsidwa mu 1984 ku Leuven m'dziko la Belgium, kumene makampani olimbirana msika amafufuzira pamodzi. Chondidetsa nkhawa n'chakuti makampani ang'onoang'ono ndi ophunzira adzatsalira kunja ngati ndalama zolipira pogwiritsa ntchito malowa zikhala zokwera kwambiri.

Ine wanu,
Wowerenga wokhudzidwa