Bondo latsopano likukana kupinda, pomwe ntchito zanga zonse ndi zapansi

Okondedwa Azakhali,

Ndimawerenga mayankho anu pa foni ya mdzukulu wanga, ndipo lero ndati nanenso ndikutulireni nkhawa zanga. Ndine mayi wa zaka 59, ndimakhala m'mudzi wina kufupi ndi Ulongwé, m'boma la Angónia kuno ku Tete. Ndine mlimi wa chimanga, nyemba ndi mbatatesi. Mu Ogasiti chaka chino anandichita opaleshoni yosintha bondo lakumanja, moti pano ndatha masabata 9. Ululu umene unandizunza zaka zisanu ndi ziwiri uja unachokadi, pamenepo sindinganame. Koma bondoli silikupinda mmene anandiuzira kuti lizipindira, ndipo pakhomo pano aliyense ali ndi nzeru zake pa bondo langali, mwakuti sindikudziwa womumvera.

Nyamakazi inandiyamba pang'onopang'ono, mpaka mwendo unakhota ngati wa matewe. Ndikamayenda bondo limachita kumveka likukhulana mkatimo. Atandijambula, adokotala anati kanyama koterera kamene kamakuta nsonga za mafupa kanaperepeseka konse, fupa likudya fupa linzake. Mwana wanga wamwamuna amagwira ntchito ku malasha ku Moatize. Iyeyo ndi mlongo wake anasonkherana, ife tinagulitsa ng'ombe ziwiri, ndipo tinadutsa pa chipata cha malire cha Calómuè kulowa Dedza mpaka ku chipatala china ku Blantyre. Kumeneko anapala nsonga za mafupa aja n'kuveka zitsulo, china kumwamba china kumunsi, pakati n'kuikapo pulasitiki yolimba. Anati chikhoza kundisunga zaka 15 kapena 20 ndikachisamala. Mawa lake lomwelo anandidzutsa kuti ndiime, ndikugwira chitsulo choyendera cha miyendo inayi. Ndinalira, koma ndinayenda mpaka pakhomo la chipindacho. Timawaya ta pabala anatichotsa patatha masiku 14, ndipo masiku onsewo ndimabayidwa jakisoni pamimba woti magazi asaundane m'misempha, kuphatikizapo sokisi zothina zija.

Potuluka anandipatsa pepala la zithunzi za mafizo. Pepalalo ndi labwino, ndimalisunga m'buku langa la mapemphero. Koma pa chithunzi chilichonse munthuyo ali pa bedi, kapena pa mpando wautali, kapena akukwera masitepe. Azakhali, kwathu kuno masitepe kulibe. Ife timakhala pa mphasa. Timaphika pa mafuwa, timasankha nyemba titatambalala pabwalo, timachapa titawerama kudambo, ndipo chimbudzi chathu ndi chokumba, chofuna munthu anjute. Palibe chithunzi ngakhale chimodzi chondionetsa mmene ndingatsikire pansi ndi bondo limeneli, kaya mmene ndingadzukire ndikatsika. Ndinachita manyazi kufunsa za kuchimbudzi pamaso pa adokotala aamuna mwana wanga ali pomwepo, ndipo manyazi amenewo ndikuwalipira lero.

Masabata atatu oyamba ndimadzithandizira m'ndowa m'nyumba, ndipo wokataya anali mtengwa wanga, mkazi wa mwana wanga uja. Mtengwayo sanakwinyepo nkhope ngakhale tsiku limodzi, Mulungu amudalitse, koma ine mumtima ndimafa tsiku ndi tsiku. Kenako mphwanga wina, mmisiri wa matabwa, anandikhomera mpando wobowola pakati, wokhala ndi mogwira mbali zonse, ndipo tinakauika pa dzenje. Umenewo wandithandiza kuposa china chilichonse. Vuto ndi lakuti sindingauyike pamutu n'kumayenda nawo. Ndikati ndipite kumsika kapena kukaona odwala, ndimayamba m'mawa kudzimana madzi ndi phala lomwe kuti ndisakavutike kwa eni. Ndikudziwa kuti si zabwino, makamaka ndi dzuwa la Okutobala lino.

Chimene chinandiswa mtima ndi cha masabata awiri apitawa. Kunagwa maliro a mayi wina amene tinakulira limodzi, tinavina naye chimtali tili atsikana. Ndinakakamiza abambo akunyumba kuti andikweze pa ngolo. Titafika, amayi onse anali m'nyumba ya siwa, atakhala pansi mothithikana monga mwa mwambo. Ine ndinaima pakhomo ndi ndodo zanga, ndikuyang'ana mphasa ili apoyi, koma yondilaka. Mnyamata wina anathamanga kukanditengera mpando wa pulasitiki, n'kukauika panja pansi pa mtengo wa mango, kufupi ndi kumene kunakhala abambo. Ndinakhala pamenepo ndekha, mkazi, mutu wanga uli pamwamba pa mitu ya akuluakulu. Amfumu atafika, amayi amene anali panja anagwada kuwalonjera, ine ndinangowomba m'manja ndili pampando. Kumbuyo kwanga ndinamva wina akunong'ona kuti, "Ndalama za ku Moatize zawakweza amayiwa." Sindinacheuke. Mnzanga uja ndinamulirira pa mpando ngati mlendo.

Kutchalitchi nakonso ndi chimodzimodzi. Ndine Mkatolika kuyambira ubwana, ndipo nthawi ya kusandulika anthu onse akamagwada ine ndimatsala ndekha ngati chitsa m'munda wolima. Abambo mfumu anandiuza kuti Mulungu amaona mtima, ndisadere nkhawa. Ndinathokoza, koma thupi langali linazolowera kupemphera ndi mawondo. Ndiuzeni zoona, musandinyengerere: kodi munthu woikidwa chitsulo amadzagwadanso? Ngati n'zotheka, ndiyambe liti, ndipo ndiyambire pa chiyani, pa pilo kapena pa thumba la madeya? Kodi kugwada kungaphwanye pulasitiki ija, kapena n'kungowawa chabe?

Tsopano za kupinda. Pa sabata lachisanu ndi chimodzi ndinapita kwa a mafizo mu mzinda wa Tete. Anandigoneka n'kuyeza bondo ndi kachipangizo konga lula wopindika, ndipo anapeza madigiri 80. Pa ulendo wachiwiri anapeza 85. Anandiuza mosabisa kuti pofika nthawi ino ndimayenera kukhala nditadutsa 90, ndipo kuti ndidzuke bwino pa mpando waufupi pamafunika cha m'ma 110. Kunjuta ndiye kumafuna oposa pamenepo kutalitali, moti ambiri safikako. Anati mkati mwa bondo mumamera zipsera zimene zimanka ziuma, ndipo miyezi itatu yoyamba ndiyo nthawi yolimbana nazo. Zikakanika, adokotala amamugoneka munthu tulo n'kulipinda bondolo ndi manja kuti zipserazo zidukeduke, ndipo zimenezo zimayenda bwino zikachitika masabata 12 asanadutse kwenikweni. Kwa ine ndiye kuti kwatsala masabata atatu. Mawu amenewa sakundigonetsa.

Mukhoza kundifunsa kuti bwanji osamapita kwa a mafizowo sabata ndi sabata. Azakhali, kuchoka ku Ulongwé kukafika ku Tete pa chapa, minibasi ya kuno, ndi maola anayi kapena kuposa, kutsika mpaka pa Mussacama, kudutsa Moatize, kukawoloka Zambezi pa mlatho wa Samora Machel. Ndimalipira malo a anthu awiri kuti mwendo upeze potambasukira, komabe katundu wa anthu amandipanikiza. Ife a kuno kumapiri tinazolowera kamphepo, ndiye kumusi kuja mwezi uno kutentha kumadutsa madigiri 40. Maulendo onse awiri ndinabwerako mwendo utatupa ngati mtondo, n'kukhala masiku atatu osachita mafizo ngakhale pang'ono. Ndimaona ngati zimene ndimakapeza kumeneko zimathera m'njira.

Ndiulule zanganso, chifukwa mukandilangiza ndikukubisirani mundipatsa mankhwala olakwika. Anandiuza kuti ndizichita mafizo katatu pa tsiku. Ine ndimachita kamodzi, masiku ena osachita n'komwe. Ndimagona chagada pa bedi, kukoleka kapulana (chitenje) kuphazi n'kumakoka chidendene kuti chibwere kuthako. Madzulo ndimakhala kumbuyo kwa ngolo miyendo ili lende, n'kumakankha mwendo wodwalawo ndi unzake. Ndikafika pena pake bondo limamanga ngati lakulungidwa ndi luzi louma, misozi n'kuyamba kutsika yokha. Abambo akunyumba akangoona misoziyo amati, "Mayi, siyani, mugulula chitsulocho. Ng'ombe zina zogulitsa tilibe." Ineyo, poti zikuwawa kale, mawu amenewo ndimawalandira msanga. Mwana wanga akaimba foni usiku amanena zosiyana: "Amayi, pindani ngakhale ziwawe." Bambo ndi mwana afika pokangana pa foni chifukwa cha ine. Komanso anandiletsa kuika pilo pansi pa bondo pogona, kuti lingazolowere kukhala lopindika n'kukana kuwongoka, koma usiku likamabaya ndimauika ndithu, chifukwa ndi pokhapo pamene tulo timabwera. Mankhwala amphamvu opha ululu aja anatha kalekale, ndatsala ndi paracetamol basi. Kodi ululu wabwino, woti ndiupirire, ndiusiyanitse bwanji ndi ululu wochenjeza kuti china chake chikuwonongeka? Nanga ndingawauze chiyani abambowa kuti m'malo mondiletsa azindigwira mwendo n'kumandiwerengera?

Za kutupa anati ndiziika ayezi wokulunga m'nsalu kwa mphindi 15 kapena 20, mwendo uli m'mwamba. M'mudzi mwathu magetsi sanafike. Mdzukulu wanga akakagula madzi oundana kumsika, pofika kuno pa njinga amakhala atasungunuka. Ndimangonyika nsalu m'madzi a mumtsuko n'kuifunditsa pabondo. Kaya zimathandiza, kaya ndimangodzitonthoza. Madzulo bondo limakhala lofunda kuposa linzake, ndipo ndikaponda limalira kuti kha, kha. Kunja kwa chipsera kuli kachigawo ka dzanzi kokula ngati chikhato cha mwana, kamene anati ndi chifukwa cha timisempha ta pakhungu timene timaduka pong'amba. Thupi silitentha, bala linapola bwino osatuluka madzi kapena mafinya, ndipo katumba sawawa. Zimenezi ndimaziyang'ana tsiku lililonse chifukwa anandiuza kuti ndikaona chimodzi mwa izo ndithamangire kuchipatala osadikira kuti kuche.

Mvula yayandikira. Anzanga anamaliza kale kugalauza, mizere ili mbee kudikira Novembala. Ine munda wanga walimidwa theka, ndi aganyu, ndipo ndalama yowalipira yatha. Chiyambire ukwati wanga sindinakhalepo pakhonde nthawi yobzala. Kodi chaka chino ndingaloledwe ngakhale kuponya mbewu m'mapando ndili chiimire? Nanga matope a kudimba, kumene phazi limatitimira n'kufuna kulizula mopotokola? Anandichenjeza za kupotokola bondo ndiponso kusenza zolemera, koma sanandiuze ngati ndowa ya madzi ya malita 20 pamutu ili m'gulu la zolemerazo, kapena ngati ndi za miyezi yochepa kaya za moyo wonse. Mtengwa wanga akubwerera ku Moatize kutha kwa mwezi uno, ana ake akumusowa, ndipo sindingamuletse. Akachoka, nsima iyenera kuphikidwa ndi ine. Ndaganiza zoti mphwanga uja andimangire chitofu cha njerwa chofika m'chiuno kuti ndiziphika choimirira. Mukuona bwanji? Ana a m'mudzi muno ayambanso kunena kuti chitsulo changachi chidzakoka mphenzi mvula ikayamba. Masana ndimawaseka, koma usiku kukang'anima ndimaganizako ndithu, ndiye mundiyankheko ngakhale mzere umodzi.

Chomaliza ndi chimene chandifulumizitsa kulemba. Achemwali anga aakulu, amene anandilera mayi athu atamwalira, akuti bondo lauma chifukwa magazi oipa anatsekeredwa mkati, ndipo akufuna kunditema mphini kuzungulira chipsera n'kupakamo mankhwala a mizu. Kale ananditemapo pamsana ndipo ndinapeza bwino, choncho sindikunyoza dzanja lawo. Koma adokotala anandigwira dzanja tsiku lotuluka n'kundiuza kuti tizilombo tikalowa n'kukafika pa chitsulo savuta pang'ono kuchotsa, nthawi zina mpaka amachotsa bondo lonselo n'kuyambiranso, ndipo ngakhale dzino lotupa kapena chilonda cha kuphazi ndisamachilekerere. Ndinawakanira achemwaliwo kawiri konse. Ulendo wachiwiri anadzuka osadya nsima, akuti, "Mng'ono wanga, zitsulo za azungu zakuiwalitsa amene anakubereka kumsana." Mawu amenewo andipweteka kuposa bondo. Sindikufuna lumo liyandikire mwendo wangawu, komanso sindikufuna kutaya mayi wanga wachiwiri. Ndithandizeni mawu oti ndikawauze, aulemu koma oti asabwerenso ndi nkhaniyi. Kapena pali ntchito ina imene ndingawapatse pa bondoli, monga kundisisita ntchafu ndi mafuta kutali ndi chipsera, kuti nawonso aone kuti dzanja lawo ndikulifunabe?

Atumiza uthenga kuti abweranso Loweruka likudzali, ndipo lumo agula kale.

Ine wanu,
Mayi wa ku Angónia