Mwana wanga wakonda mwambo wa Ayuda, bambo ake akuti abwerere kumudzi

Zikomo Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 39. Kwathu ndi ku Dedza koma ndakhala ku Cape Town zaka 13. Ndili pabanja ndipo tili ndi mwana mmodzi, wamkazi, amene akukwanitsa zaka 12 chaka chino. Nkhani imene ndabwera nayo ndi ya mwanayu, ndipo yafika poti ine ndi bambo ake tikugona chofulatirana. Chonde mundimve mpaka kumapeto, chifukwa anzanga amene ndawafotokozera kuno amangomva chiyambi chokha n'kuyamba kundiweruza.

Ndimagwira ntchito ya m'nyumba pabanja lina la Ayuda ku Sea Point. Ndinayamba mwanayu ali kumsana. Mwini nyumba ndi mayi wachikulire amene makolo ake anachokera ku Lithuania, monga zilili ndi Ayuda ambiri a kuno. Mwana atafika msinkhu woyamba sukulu, gogoyu anandiitana nati akufuna mwanayo akaphunzire kusukulu ya Ayuda kumene kunaphunzira ana ake. Anati iye azilipira gawo la fizi, lotsalalo lizichokera ku thumba lothandiza ana ovutika la pasukulupo. Ine ndi bambo ake tinagwada pansi kuthokoza Mulungu. Iwo amagwira ntchito ya m'maluwa, ine ya m'nyumba. Ndalama ya sukulu yoteroyo tikanaiona kuti? Anatiuza poyera kuti mwana aziphunzira Chiheberi ndi chipembedzo cha Ayuda pamodzi ndi masamu, Chingerezi ndi zina zonse. Tinavomera. Tinkaganiza kuti popeza ndi Chipangano Chakale chomwechi chimene timawerenga ku CCAP, palibe choopa.

Kunena zoona, Azakhali, sukuluyo sinatilakwire kanthu. Mwana amakhoza bwino, aphunzitsi amamukonda, ndipo sanabwerepo akulira kuti wina wamunyoza chifukwa cha khungu lake. Chimene sindinadziwe n'chakuti kusukulu ya Ayuda mwana saphunzira za m'kalasi zokha. Amalowa m'moyo wa anthu.

Tsiku limayamba ndi mapemphero a m'Chiheberi. Zilembo zake n'zokwana 22 ndipo amalemba kuchokera kumanja kupita kumanzere, koma mwana wanga amawerenga ngati akumwa madzi. Sabata iliyonse amaphunzira chigawo chimodzi cha mabuku asanu a Mose, amene iwo amati Torah, kuti chaka chikamatha akhale atawamaliza onse n'kuyambiranso ku Genesis. Ndipo sangomvetsera ayi. Amawaphunzitsa kufunsa ndi kutsutsana ndi mphunzitsi, kuti n'chifukwa chiyani Abrahamu anachita chakuti, nanga liwu ili labwerezedwa kawiri chifukwa chiyani. Ife tinakula tikudziwa kuti mwana safunsa akulu zoterozo. Kumeneko mwana wofunsa kwambiri ndiye amene amayamikiridwa.

Lachisanu amaweruka msanga, chifukwa Sabata yawo imayamba dzuwa likamalowa Lachisanu mpaka mdima wa Loweruka. Asanaweruke, makamaka ali m'makalasi aang'ono, ankayatsa makandulo, kudalitsa madzi a mphesa ndi kunyema buledi woluka uja amati challah. Ankaponyanso kandalama m'kabokosi ka osauka. Chaka chonse chimayenda ndi zikondwerero. Pa chaka chawo chatsopano, chimene chimagwa mu September kapena kumayambiriro kwa October, amadya apozi wothira uchi ndipo amaliza lipenga la nyanga ya nkhosa. Kenako kumabwera tsiku losala kudya, kenako sabata yodyera m'zisakasa zofolera ndi masamba, zonga zimene timamanga kumunda polondera chimanga. Amavala zoseketsa pokumbukira nkhani ya Estere. Pa Paskha amatha masiku asanu ndi atatu osadya chilichonse chofufumitsa, ndipo pa chakudya cha usiku woyamba mwana wamng'ono kwambiri ndiye amene amaimba mafunso anayi ofunsa kuti usiku uno wasiyana bwanji ndi usiku wina uliwonse. Chaka china, adzukulu a gogo uja ali kunja, mwana wanga ndiye anaimba mafunsowo patebulo. Ine ndinali chiimire pakhomo la khitchini nditanyamula mbale, misozi ikungotsika. Mpaka lero sindidziwa ngati inali misozi yachimwemwe kapena ya mantha.

Ndisaiwale kunena za ubwino wa anthuwa. Bambo anga atamwalira zaka zitatu zapitazo, makolo a ana a m'kalasi mwake anasonkha ndalama ya ulendo wanga wa kumaliro. Nditabwerako anagawana masiku, aliyense kubweretsa chakudya kunyumba kwathu kwa sabata yathunthu, chifukwa pa mwambo wawo anamfedwa amakhala pansi masiku asanu ndi awiri osaphika okha. Aliyense akafika ankandigwira dzanja n'kunena kuti akundifunira moyo wautali, ndiwo mapepesedwe awo. Ndinaona ngati ndili pasiwa kwathu, amayi a m'mudzi akubwera ndi ufa ndi nkhuni. Kuno ku South Africa, kumene ena amatitcha makwerekwere, chinthu chotere sichiiwalika.

Mavuto anayamba kuonekera December wapitayu titapita kumudzi. Agogo ake, mayi anga, anagula nyama ya nkhumba pamsika kuti alandire mdzukulu amene anali asanamuone zaka zambiri. Mwana anakana kudya. Mawa lake kunabwera mlamba wouma, anakananso, nati nsomba yopanda mamba siidyedwa. Chambo ndi usipa anadya bwinobwino. Mbewa ndi ngumbi ndiye sanafune n'kuziyang'ana komwe. Msuweni wake atamuseka, mwanayo anatenga Buku Lopatulika la agogo akewo, natsegula Levitiko 11 n'kumuonetsa kuti zonse zalembedwa mmenemo, ngakhale zoti dzombe ndi lololedwa. Sananene mwamwano, koma mayi anga zinawapweteka kwambiri. Usiku anandikokera kuseri nati, "Mwanawe, ukulera mlendo m'nyumba mwako." Chinawonjezera ululu n'chakuti mdzukulu ndi agogo ake sankatha kucheza bwino. Chichewa amamva, koma poyankha amadodoma n'kuthawira ku Chingerezi. Mwana wodziwa madalitso ataliatali a m'Chiheberi pamtima analephera kuyankha ndagi ngakhale imodzi pamene anzake ankaponyerana madzulo pabwalo.

Titabwerera kuno zinapitirira. Bambo ake amakonda kuwerenga Salimo tisanagone. Tsiku lina akuwerenga mokweza, mwana anawapempha kuti asamatchule dzina loti Yehova, chifukwa kusukulu anaphunzira kuti dzina la Mulungu ndi loyera kwambiri moti silitchulidwa, amangoti Hashem, kutanthauza Dzinalo. Bambo ake anatseka Baibulo n'kutuluka panja. Ku Sande sukulu anafunsa aphunzitsi chifukwa chimene timapempherera Lamulungu pamene lamulo likunena tsiku lachisanu ndi chiwiri. Nkhani inafika kwa akulu ampingo, ndipo amayi anzanga a Chigwirizano anayamba kundiyang'ana ndi diso lina. Wina anandiuza maso ndi maso kuti ndagulitsa mwana chifukwa cha fizi.

Koma chimene chandichititsa kuti ndikulembereni ndi ichi. Mtsikana wa Chiyuda akakwanitsa zaka 12 amachita mwambo wotchedwa bat mitzvah, anyamata amachita wawo pa zaka 13. Kuyambira tsikulo amawerengedwa kuti ndi wamkulu pa nkhani ya kusunga malamulo a Mulungu. Amaphunzira miyezi yambiri, amalankhula pamaso pa anthu za chigawo cha Torah chimene wakonzekera, achibale amabwera ngakhale ochokera kunja, ndipo pamakhala phwando. Tinganene kuti ndi chinamwali chawo. Chaka chino anzake a m'kalasi akuchita mwambowu motsatizana, ndipo iye amaitanidwa kulikonse. Usiku wina anandifunsa kuti, "Amayi, nanga wanga udzakhala liti?"

Ndinasowa chonena. Ndinapempha kuti ndikaonane ndi rabi, mphunzitsi wa chipembedzo chawo, ndipo anandilandira mwaulemu. Anandiuza kuti Ayuda sayenda kukopa anthu kuti alowe chipembedzo chawo. Munthu amakhala Myuda ngati mayi ake ndi Myuda, kapena akasankha yekha kutembenuka, ndipo njira imeneyo ndi yaitali, yofuna kuphunzira kwa nthawi, si ya mwana amene makolo ake ali mumpingo wina. Anati munthu wolungama wa mtundu uliwonse ali ndi malo kwa Mulungu popanda kukhala Myuda, ndipo malamulo a zakudya samukhudza mwana wanga. Anandilangiza kuti ndimuthandize kunyadira za kwawo. Nditamufotokozera mwana zimenezi analira usiku wonse. Anati Rute uja anali wa ku Mowabu koma anauza apongozi ake kuti anthu anu adzakhala anthu anga, ndipo anamulandira mpaka anakhala gogo wa bambo ake a Mfumu Davide. Kenako ananena mawu amene akundisowetsa tulo: "Kusukulu ndine mlendo, kutchalitchi ndine mlendo, kumudzi ndine mlendo. Kwathu n'kuti?"

Mwina funsoli linayamba kalekale. Chaka chilichonse sukuluyo imakumbukira Ayuda 6 miliyoni amene anaphedwa ndi chipani cha Nazi pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo ana pakati pawo anali pafupifupi 1.5 miliyoni. Gogo amene ndimamugwirira ntchito anamuuza kuti abale a makolo ake amene anatsala ku Lithuania anathera komweko. Mwana anabwera kunyumba n'kundifunsa za 2015, pamene alendo ankathamangitsidwa ku Durban ndipo boma la Malawi linatumiza mabasi kudzatenga anthu ake. Anafuna kudziwa ngati ifenso tsiku lina tidzathawe, ndiponso ndani adzasunge mayina athu. Anzake ambiri amadziwa mudzi umene agogo a agogo awo anachokera. Iye atandifunsa za ife, ndinatha kutchula mayi anga ndi agogo anga basi. Sindinamuuzepo chifukwa chake ndife a Phiri, kapena tanthauzo la mbumba, kapena mmene makolo athu ankapemphera mvula. Ndinkachoka m'bandakucha n'kubwera usiku nditatopa, ndipo ndinkaganiza kuti za kwathu mwana amangobadwa nazo m'magazi. Anthu awa sakhulupirira zimenezo. Amakhala pansi n'kuphunzitsa mwana tsiku ndi tsiku, ndi nyimbo, ndi chakudya, ndi mafunso. Mwana wanga anapeza nkhokwe yotsegula n'kutapamo, chifukwa ya kwawo ndinali ndisanamutsegulire. Apa ndiye pamene mtima wanga ukundiimba mlandu.

Bambo ake atsimikiza mtima. Akuti sukulu ikatsekera mu December mwana apite ku Dedza akakhale ndi agogo ake, akalowe kalasi kutchalitchi, alangizi akamulange ikafika nthawi yake, ndipo akaphunzire sukulu ya mishoni. Aimbira kale foni achimwene anga, amene ndiwo eni mbumba, ndipo nawonso agwirizana nazo. Akuti kuwongola mtengo ndi uli waung'ono. Sindikuti akulakwitsa zonse. Iwo akuopa kutaya mwana mmodzi yekhayo amene tili naye, ndipo akuopa kuti adzasiya Yesu. Inenso ndine Mkhristu, ndipo mantha amenewo ndili nawo.

Koma ndikaganiza zomuchotsa, m'mimba mumanditentha. Kwathu chaka cha sukulu chimayamba mu September, ndiye akafika pakati pa chaka. Mayeso a Sitandade 8 ali ndi pepala la Chichewa, chimene iye satha kulemba. Mayi anga akalamba, maso akuvuta. Ndipo mwana amene akulira kale kuti alibe kwawo, tikamunyamula mokakamiza n'kukamusiya kutali ndi mayi ake, kodi sadzadana ndi mudziwo, ndi tchalitchi chomwe? Palinso gogo uja. Walipira fizi zaka zonsezi osadandaula, amamutcha mwanayu mdzukulu wake. Ndikamuuza bwanji kuti tikumuchotsa chifukwa wakonda kwambiri mwambo wawo? Mawu amenewo angamveke ngati chipongwe kwa munthu amene anatichitira zabwino zokhazokha, ndipo mwina ntchito yanga ingathere pomwepo.

Ine maganizo anga ndi oti mwana atsale pasukulupo, koma tiyambe kuchita zimene tinalekerera. M'nyumba tizilankhula Chichewa chokha. Tchuthi chilichonse cha December azipita kumudzi. Pokwanitsa zaka 12 timukonzere tsiku lakelake, tiitane abusa ndi amayi achikulire a kwathu amene ali kuno, amulangize, amupempherere, iye aimirire anene mayina a makolo ake ndi kumene anachokera, ndipo anzake a kusukulu abwere adzaone ngati mmene iye amapitira kwawo. Ndamuonetsanso Marko 12, pamene Yesu atafunsidwa za lamulo lalikulu anayankha ndi mawu a pa Deuteronomo 6 akuti Imva Israyeli, omwe aja iye amanena m'Chiheberi m'mawa uliwonse. Anakhala chete nthawi yaitali akuwerenga. Nditawauza bambo ake maganizo amenewa anati ndikufuna kuthira madzi m'dengu.

Azakhali, ndithandizeni. Kodi ndikudzinamiza poganiza kuti mwana angaphunzire pakati pa anthu a chipembedzo china n'kukhalabe wathu? Ndilankhule bwanji ndi bambo a kunyumba ndi achimwene anga kuti andimve popanda kuoneka ngati ndikuderera amuna? Kodi nkhani yotereyi n'kuitanira ankhoswe, pamene iwo sanaionepo sukuluyo? Nanga mwanayo akadzakula n'kunena kuti wasankha kukhala Myuda, ine monga mayi ake wa Chikhristu ndidzachite chiyani? Bambo ake akuti kumapeto kwa mwezi uno akagula tikiti ya basi.

Ndine mayi wothedwa nzeru,
Cape Town.