Musanawapatse mankhwala ogonetsa, tifunseni ife

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule kudzera m'nyuzipepala yanu pa nkhani imene yandisowetsa tulo kwa miyezi isanu tsopano. Amuna anga, amene ndakhala nawo m'banja zaka 43, ali ndi matenda oiwalaiwala amene madokotala amawatcha Alzheimer. Ndinawasamalira ndekha pakhomo zaka 6. Ndinkawasambitsa, kuwameta ndevu, kuwasintha thewera, ndipo makiyi a chitseko ndinkagona nawo pansi pa pilo. Koma usiku wina anapeza njira yotulukira, tinakawapeza kutacha atakhala m'mbali mwa msewu, mapazi ali magazi okhaokha. Pasanathe masabata awiri ndinagwa nawo m'bafa poyesa kuwadzutsa, ndipo msana wanga sunabwerere mwakale. Ana anandifunsa kuti, "Amayi, mukagona pansi inuyo, abambo adzawaona ndani?" Ndi mmene ndinavomerera kuti apite kumalo osamalira okalamba. Mpaka lero mtima umandiimba mlandu.

Dzina la malowo sinditchula, chifukwa cholinga changa si kuchititsa munthu manyazi.

Sabata yachitatu ali kumaloko ndinawapeza masana ali pampando, mutu utagwera pachifuwa, malovu akudontha pamalaya. Malayawo sanali awo. Magalasi awo panalibe, ndipo anapezeka patatha masiku anayi m'dirowa ya munthu wina. Kapu ya madzi inali yodzaza pathebulo kumbuyo kwawo, milomo yawo itauma mpaka kung'aluka. Munthu wodwala matendawa saitanitsa madzi. Ena ludzu salimvanso, ena amaiona kapuyo koma sakumbukira kuti ndi yotani. Uyenera kuwagwiritsa m'manja, iwe n'kumwa yako iwo akuona, apo ndiye amatsanzira. Kuika kapu pathebulo n'kuchoka n'chimodzimodzi kusawapatsa n'komwe.

Nditafunsa chimene akugonera dzuwa lili paliwombo, namwino anati, "Agogowa akhala akuvuta kwambiri usiku, anakankha mnzathu, ndiye adokotala awalembera kamankhwala koti azipuma." Ndinapempha kuona dzina lake. Anali risperidone, mankhwala a matenda a m'maganizo amene amagonetsanso. Palibe amene anandiimbira foni kapena kundifunsa, ine amene ndasayina pepala lililonse la munthuyu. Mwana wanga wamkazi ndi amene anandifufuzira kuti mu 2005 bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linachenjeza kuti mankhwala a mtundu umenewu amawonjezera chiopsezo cha imfa kwa okalamba odwala matenda oiwalaiwala. Amawonjezeranso chiopsezo cha sitiroko ndi kugwa. Sindikunena kuti asamaperekedwe konse, pali nthawi zina pamene palibenso njira ina. Koma ayenera kubwera pamapeto, zina zonse zitayesedwa, osati kukhala chinthu choyamba chifukwa usiku wachuluka ntchito.

Amuna anga sanakwezepo dzanja pa munthu moyo wawo wonse. Ndinadziwa kuti pali chimene chikuwapweteka. Posintha thewera ndinamva fungo la mkodzo lachilendo, ndipo ndikawagwira pansi pa mchombo ankadzidzimuka. Ndinaumirira kuti ayezedwe, mpaka ena anayamba kundiyang'ana ngati mayi wovuta. Anawapeza ndi matenda a m'chikhodzodzo. Atamwa mankhwala ake kwa masiku ochepa, kukankha anthu kunatheratu. Munthu amene mawu amuthawa sangakuuzeni kuti pokodza pakuwotcha, kapena dzino likuwawa, kapena watha masiku anayi osapita kuchimbudzi. Amakankha, amakuwa, amakana kudya. Kusintha kwadzidzidzi kotere kumafuna kufufuza m'thupi kaye.

Pali china chimene chimandiwawa kuposa zonsezi. Dzuwa likapendeka, cha m'ma 4 koloko, amuna anga amayamba kusakhazikika. Amafunafuna chikwama chawo, amati aweruka, akufuna kupita kwawo. Ambiri odwala matendawa amatero madzulo. Pakhomo sindinkalimbana nawo. Ndinkawapatsa chikwamacho, tinkatulukira khomo lakuseri, kuzungulira nyumba pang'onopang'ono, kenako n'kulowera khomo lakumaso. Ndikawauza kuti, "Mwafika bwino bambo, ntchito inali bwanji?" ankakhala pansi n'kupumira m'mwamba, nkhope itamasuka. Mphindi 10 zokha. Zimenezi ndinazilemba papepala tsiku loyamba, pamodzi ndi dzina limene amayankha akaitanidwa, nyimbo zimene zimawakhazika mtima pansi, ndi zoti khutu lakumanzere silimva bwino. Pepalalo analiika mufayilo mu ofesi. Mtsikana amene amawasamalira madzulo anandiuza kuti sanalionepo, ndipo chikwamacho anachitsekera m'kabati poopa kuti chingasowe.

Mtsikana ameneyo sindimuimba mlandu. Ndamuonapo akuthamanga pakati pa zipinda yekhayekha, uku wina akulira, uku wina wadzinyowetsa, uku wina akufunika kutembenuzidwa kuti asachite zilonda za pabedi. Ali ndi mtima wabwino, ndipo anagwetsa misozi nditamufotokozera za chikwama chija. Koma palibe amene anamuphunzitsa za matendawa, ndipo anzake amasinthasintha moti amuna anga amaona nkhope yachilendo pafupifupi sabata iliyonse. Kwa munthu amene ngakhale ine nthawi zina amandiyesa mlongo wawo, mlendo wofuna kuwavula zovala ndi chinthu choopsa. Udindo uli kwa eni malo amene amalemba antchito ochepa, ndi kwa akuluakulu oyendera malowa amene amaona mafayilo audongo koma sayang'ana milomo ya odwala.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati anthu opitirira 55 miliyoni ali ndi matenda oiwalaiwala, ndipo chaka chilichonse anthu ena pafupifupi 10 miliyoni amayamba kudwala matendawa. Ambiri mwa iwo ali ndi mkazi, mwamuna kapena mwana amene amadziwa mmene amakhalira akamamva ululu. Ndikupempha eni malo osamalira okalamba kuti nzeru zimenezi azizitenga ngati mbali ya chithandizo. Pasamayambike mankhwala ogonetsa achibale asanauzidwe, ndipo akayambika pakhale tsiku lodziwika lowaunikanso. Zimene talemba zikhale pakhoma pafupi ndi bedi, pamene wogwira ntchito usiku angaziwerenge.

Kwa anzanga amene mwangosiya okondedwa anu kumalo otere, muzipita nthawi zosiyanasiyana, ngakhale madzulo kwenikweni. Muziyang'ana m'kamwa, zidendene ndi kumunsi kwa msana. Muzipempha kuona mndandanda wa mankhwala, ndipo chimene mwadandaula muzichilemba ndi tsiku lake.

Mankhwala ogonetsa aja anawasiyitsa pang'onopang'ono mwezi watha, dokotala atavomera. Chikwama ndinachitulutsa m'kabati, tsopano chimakhala pampando. Lachiwiri ndinakumana ndi amene amayang'anira malowo, ndipo za kuchepa kwa antchito a usiku anandiuza kuti aziganizira. Ndikupitanso Lachisanu kukamva yankho.

Ine wowerenga wanu,
Mkazi wa wodwala