Mwana wanga, tenga tchuthi ukapitidweko mphepo

Mwana wanga,

Mlongo wako wandiuza kuti chaka chinonso tchuthi sunatenge, akuti ukudikira ndalama zichuluke kaye kuti mudzapite ku Cape Town. Zimenezo ine ndakana. Lamulo la ntchito la 2000 limati amene amagwira masiku 5 pa sabata ali ndi masiku 15 opuma pa chaka ndipo malipiro amalandirabe, wa masiku 6 ali ndi 18, ndiye usamaone ngati ndi chifundo cha abwana ako ayi, masikuwo ndi ako.

Kukapitidwa mphepo sikulira ndege kapena pasipoti. Kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Senga Bay ndi ulendo wa maola awiri okha, mutha kunyamuka Loweruka m'mamawa, mudye chambo chanu, mugone usiku umodzi, Lamulungu dzuwa lisanalowe mwafika pakhomo. Ngati nyanja simuifuna pali Dedza pafupi pomwepa, mukaone zojambula za makolo m'mapanga a ku Chongoni. Chachikulu upite ndi mkazi wako, awiriwiri, foni ya kuntchito uthimitse, chifukwa mpongozi wanga uja ndinamuona pa ukwati paja watopa zedi ngakhale sadandaula, ndipo inu awiri nkhani zanu zangotsala za fizi ndi lendi basi.

Usandiuze kuti umapumira kuno kumudzi. Ndimakondwa ukabwera koma ndimaona, ukangotsika galimoto uyu akufuna ya feteleza, uyu mlandu wa munda, mawa lake maliro, umabwerera uli wotopa kuposa mmene unabwerera. Kuno uzibwera kudzationa ife, kopuma kukhale kwina.

Koma usakatenge katapila chifukwa cha ulendo, uzipatula pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi mpaka zikwane. Pa 15 Okutobala, tsiku la anakubala, usapite, kunyanja kumadzaza anthu, malo ogona amakwera mtengo ndipo pamsewu oledzera amachuluka. Kuyambira Juni mpaka Ogasiti kumaomba mwera, bwato musakwere mafunde akakula olo akunyengerereni bwanji. Ndipo mukasamba m'nyanja, makamaka cha ku Cape Maclear, mudzapite kuchipatala akakuoneni za likodzo, limabisala nthawi yaitali munthu osadziwa.

Ana musade nawo nkhawa, mudzawasiye kuno, ndawasowa kale. Lolemba ukalembe kalata yopempha tchuthiyo, ukatero undiimbire undiuze tsiku.

Ndine mayi ako